Chipinda nambala 7 cha ku Kyoto

Mu 2025 ine ndi mayi akunyumba tinkakwanitsa zaka khumi tili pabanja, ndipo ndinalumbira kuti ulendo uno sitikathera ku Senga Bay kudya chambo ngati zaka zonse. Ndinati tipita ku Japan kukaona masamba. Ndalama tinali titasunga kwa zaka zitatu, zina za banki mkhonde, zina za nkhuku zimene mayi amaweta kuseri kwa nyumba.

Apongozi atamva sanandifunse ine, paja mkamwini salankhulidwa maso ndi maso. Anatembenukira mwana wawo, ine ndili chikhalire pomwepo.

"Kodi abambowa akuti mukaone masamba? A ndiwo?"

Ndinafotokoza maso ali pansi. Ndinati kumeneko nyengo yotentha ikatha, usiku n'kuyamba kuzizira, masamba a mitengo yotchedwa momiji amafiira psuu ngati makala, pomwe a mtengo wa ginkgo amasanduka achikasu. Kufiirako kumayambira kumpoto, kumapiri a Daisetsuzan pachilumba cha Hokkaido, chapakati pa Seputembala, n'kumatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukafika mumzinda wa Kyoto chakumapeto kwa Novembala. Ndinawonjezera, pofuna kuonetsa kuti ndinawerenga, kuti eni ake mwambo wopita kukaona masambawo amautcha momijigari, kutanthauza ulenje wa masamba.

"Ulenje," anatero apongozi. Malemu amuna awo anali mlenje weniweni wa insa ku Dzalanyama. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa mwana wawo: "Ndiye agalu mutenga angati?"

Sindinagwe ulesi. Ndinagula kope latsopano, ndipo kwa miyezi inayi palibe amene ankaidziwa Japan kuposa ine mu Area 25 monse. Seputembala ndinamukana chifukwa ndi nthawi ya anamondwe. Ndege ndinapeza yonyamuka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Narita, bwalo la ndege la pafupi ndi Tokyo, yoti tikafike pa 9 Novembala. Mawa lake tikwere shinkansen, sitima imene imadya makilomita oposa 500 kuchoka ku Tokyo kufika ku Kyoto m'maola awiri ndi mphindi 15, nthawi imene basi ya ku Blantyre imakhala ikadali cha ku Ntcheu anthu akugula mbatata pazenera. Ndinapezanso kuti tikiti ya Japan Rail Pass, imene mlendo amakwerera sitima zambirimbiri kwa masiku asanu ndi awiri, inakwera mu Okutobala 2023, kuchoka pa mayeni (ndalama za ku Japan) 29,650 kufika pa 50,000, moti kwa ife kugula matikiti amodziamodzi kunali kotchipa. Nkhani imeneyi ndinaifotokoza kuntchito sabata yathunthu, mpaka anzanga anayamba kudyera nkhomaliro m'galimoto.

Nzeru yanga yaikulu inali yakuti popeza pa 10 Novembala masamba a mumzinda amakhala asanapse bwino, tikayambire kumapiri a kumpoto kwa Kyoto, kumene kuzizira kumafika msanga, kenako titsikire ku akachisi a Tofukuji ndi Eikando chakumapeto kwa ulendo. Kumapiriko ndinapeza kanyumba ka alendo ka mtundu wa ryokan. Nsapato umavulira pakhomo, umavala mkanjo wawo wotchedwa yukata, chakudya chamadzulo chimabwera m'timbale tambirimbiri, ndipo umagona pa matiresi oyala pansi pa mikeka ya tatami. Usiku umodzi, anthu awiri, mayeni 60,000.

"Bambo, tilipire ndalama zonsezo kuti tikagone pamphasa?" anafunsa mayi. "Kwa amayi n'kwaulere."

Ndinawauza kuti zinthu zina sizimveka munthu asanazione. Ndinalembera eni nyumbayo imelo, Chingerezi chosita bwino, kuti tikufuna malo pa 10/11. Anayankha tsiku lomwelo mwaulemu waukulu, ndipo pamwamba pa kalata yawo panali R7.10.11. Manambala awiri omalizawo anali anga enieni. Tsono R7? Ine wophunzira ndinaona msanga kuti R ndi room. Ndinauza mayi kuti atipatsa chipinda nambala 7. Ndinalipira ndi khadi, n'kujambula nyenyezi m'kope muja.

Loweruka la pa 11 Okutobala kunali ukwati wa msuweni wanga. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa, malata a holo ankachita kulira. Ine anandiika patebulo losinthira ndalama za perekaniperekani, beseni lili patsogolo, ndikuphwanya ma 5,000 kukhala ma 200 kuti anthu avine nthawi yaitali ndi ndalama yochepa. Itangodutsa wani koloko foni inalira, nambala yoyamba ndi +81. Ndinati awa ndi akuba aja amati mwawina galimoto, n'kudula. Inaliranso, ndinadulanso. Kachitatu ndinayankha mokalipa m'Chichewa chomwe: "Achimwene, ndalama ndilibe, kasakeni ena!"

Kunamveka mawu a mayi wachikulire, ofatsa ngati a sisitere wa kuchipatala cha mishoni. Anayamba ndi kupepesa. Anapepesanso. Kenako m'Chingerezi choyenda pang'onopang'ono anatchula dzina langa, n'kufunsa ngati tasochera. Anati kwawoko ndi eyiti koloko usiku, kunja kwada, chakudya chathu chakonzeka kalekale, madzi osamba ndi otentha, ndipo amuna awo apita kale kawiri pa siteji ya basi ndi tochi kukatichingamira.

Ndinatseka khutu linalo ndi chala. "Mayi, tikubwera mwezi wamawa. Teni, ileveni."

"Inde," anatero. "Teni, ileveni. Lero."

Tinagwirizana ndithu, manambala omwewo, koma aliyense ndi mwezi wake. Anandifotokozera, akupepesabe ngati wolakwa ndi iwo, kuti ku Japan amayamba kulemba chaka, kenako mwezi, tsiku pomalizira. Ndinafunsa mawu akunjenjemera kuti nanga chipinda nambala 7? Panadutsa kanthawi. Anati R ndi Reiwa, dzina la nyengo ya ufumu wa Naruhito, imene inayamba pa 1 Meyi 2019, ndiye 2025 ndi chaka cha 7. Zipinda zawo zilibe manambala, zili ndi mayina a maluwa. Ndiponso zilipo zisanu ndi chimodzi basi.

Nthawi yomweyo mkulu woyendetsa mwambo anakuwa pa maikolofoni: "Tsopano tiitane bwana wathu wa ku Japan! Bwana a masamba, bwerani mudzatigwetsere masamba a kwacha pano!" Holo yonse m'manja, nthungululu. Kudzitama kwanga kunali kutafika ngakhale kuchimuna. Ndinadzuka foni ili kukhutu, dzanja lina likuponya ma 200 m'lichero, miyendo ikuvina yokha. Mayi aja akati sumimasen, pepani wa kwawoko, ine ndinkawerama. Akabwereza, ndiweramenso. Anthu anayesa ndi kavinidwe ka ku Japan, moti anyamata awiri kumbuyo kwanga anayamba kutsanzira. Kanema wake alipo, msuweni wanga amakana kufufuta.

Za ndalama sitinakambe nthawi yaitali. Mlendo akapanda kufika osanena, amalipira zonse, chifukwa nsomba anagula kale, chipinda anakaniza ena. Lamuloli linali mu imelo muja, pansi penipeni, m'zilembo zawo, pamene ine ndinkayesa ndi malonje otsanzikira. Ndinapempha kuti atisungireko malo pa 10 Novembala weniweni. Anapepesa kachikhumi. Novembala yense anadzaza kalekale, poti ndiye mwezi wa alenje anzanga.

Mayi akunyumba ndinawauza usiku, ana atagona, nditayamba ndawafulira tiyi. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangopempha foni, chifukwa mayi a ku Kyoto aja, mwa ulemu wawo womwewo, anali atatumiza chithunzi cha chakudya chathu kuti tione kuti anakonzadi. Anachikulitsa ndi zala n'kuyamba kuwerenga timbale. Kena kanali ndi kansomba kootcha, kena tofu, kena bowa, pambali atayikapo katsamba kamodzi ka momiji kokongoletsera, kobiriwira bii.

"Khumi ndi kamodzi," anatero. "Nkhuku zanga zingati zimenezi, bambo?"

Ndinati sindinawerengere.

"Kope lija lili kuti?"

Ndalama zotsala zinangokwanira hotela ya makapisozi, ija munthu amalowa chokwawa m'kabokosi kake n'kutseka katani. Nditawerenga bwino, ulendo uno mzere uliwonse, ndinapeza kuti amuna amagona nsanjika yawo, akazi yawo. Mayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Zaka khumi za ukwati, mukandigoneka m'kabati. Ndekha."

Lamulungu lotsatira tinapita kwa apongozi, nkhani itafika kale, kanema yemwe. Pofuna kubweza ulemu ndinatulutsa chinthu chotchipa chimene ndinapeza. Ndinati pafupi ndi Osaka pali malo otchedwa Minoh, kuli mathithi, ndipo m'njira yopita kumeneko amagulitsa masamba a momiji okazinga. Amatola achikasu, amawasunga mumchere pafupifupi chaka chathunthu, kenako amawaviika mu ufa wosakaniza shuga ndi chitowe n'kuwakazinga m'mafuta.

Apongozi anaimika kusenda nandolo.

"Akuti amawasunga chaka?" anafunsa mwana wawo. "Ndiye ndi mfutsotu umenewo. Ine ndinafunsa poyamba paja kuti ndi ndiwo, anthu n'kumandiseka."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikwatu cha mfutso wa khwanya, chomanga bwino ndi luzi. Anati tikawapatse mayi aja anaziziritsa chakudya chawo, ndi abambo aja anayenda ndi tochi usiku, tikapepese ngati anthu oleredwa.

Ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti sizingatheke, ku Japan salola kulowetsa zomera popanda chikalata cha boma chotsimikiza kuti zilibe matenda, akazipeza pabwalo la ndege amalanda.

Apongozi anabwerera ku nandolo wawo.

"Malamulo a eni ake akuwadziwa ndithu abambowa," anauza mwana wawo. "Kalendala yokha ndi imene inawakanika."