Sabata Yotseka Kolositomi ya Mwana wa Zaka Ziwiri

Lolemba ndi tsiku limene wodi ya ana imagoneka amene ali pa mndandanda wa opaleshoni ya mawa lake. Mwa iwo sabata imeneyi munali mnyamata wa zaka 2 ndi miyezi 3, wolemera makilogalamu 11, amene anabadwa wopanda njira yotulukira chimbudzi. Ana ambiri otere amadutsa maopaleshoni atatu. Yoyamba imachitika atangobadwa, pamene madokotala amatulutsira thumbo pamimba kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo, ndiyo kolositomi. Yachiwiri ndi yokonza njira pamalo pake. Yachitatu, imene anadzera, ndi yolumikizanso thumbo ndi kutseka pamimba. Ku Malawi izi zimachitikira m'zipatala zazikulu, monga ku Mercy James Centre pa Queen Elizabeth ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu Julayi 2017, ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ndiye chifukwa chake mabanja amafika atayenda mtunda wautali, ali ndi ndowa, mphasa ndi kathumba ka ufa. Mwanayu anabwera ndi mayi ake ndi agogo ake aakazi. Bambo anatsala kumudzi ndi ana ena.

Choyamba ndi sikelo, chifukwa mlingo wa mankhwala ndi wa madzi a diripi umachokera pa kulemera kwa mwana. Kenako kuyeza kuchuluka kwa magazi, gulu la magazi, malungo, ndi kumvetsera m'chifuwa. Mwana wa chimfine kapena chifuwa amabwezedwa, chifukwa kholingo lake limatha kutsekeka mwadzidzidzi pomupatsa mankhwala ogonetsa a opaleshoni, ndipo izi n'zowawa kuuza mayi amene wagulitsa mbuzi kuti apeze ya thiransipoti. Ife anamwino timapemphanso mayi kuti ationetse mmene amalowetsera kachitsulo kokulitsira njira, ka Hegar. Kwa mwana wa chaka 1 mpaka 3, saizi 15 iyenera kulowa popanda kukakamiza. Ngati njirayo yachepa, kutseka pamimba n'koopsa: chimbudzi chimatsakamira m'munsi, thumbo limafufuma, ndipo pamene asoka pamaphulika. Madzulo tinatsuka mbali zonse ziwiri za thumbo ndi saline wofunda, madzi amchere a kuchipatala, kudzera m'kapaipi kofewa mpaka madzi anatuluka oyera. Madzi apampopi sitigwiritsa ntchito, amalowa m'magazi n'kusungunula mchere wa m'thupi.

Pa chikalata chovomereza opaleshoni mayi anazengereza. Sikuti ankakana, ankafuna kuti amalume a mwanayo, eni mbumba, amve kaye. Saini ya mayi ndi yokwanira, koma kumukakamiza kumamusiya yekha ndi mlandu zinthu zikavuta. Dokotala analankhula ndi amalumewo pafoni n'kutchula zonse mosabisa: kuti bala likhoza kuchita mafinya, kuti pamene alumikiza pakhoza kudontha, ndi kuti zikatero mwana angabwerere ku thiyeta n'kutulukanso ndi kolositomi.

Lamulo la kusala ndi la maola 6, 4 ndi 2. Chakudya ndi mkaka wogula zimasiyidwa maola 6 isanayambe opaleshoni, bere maola 4, madzi oyera maola 2. Mwanayu, popeza amakagwiridwa matumbo, anasiya chakudya Lolemba masana n'kumangomwa zamadzi. Madzi oyera ndi madzi a shuga kapena tiyi wopanda mkaka. Thobwa ndi maheu ndi chakudya, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mwana amene wapatsidwa mankhwala ogonetsa sakhosomola, ndiye akasanza, masanziwo amalowa m'mapapo. M'mawa timafunsa mofatsa: "Agogo, usikuwu mwana walawako chilichonse, ngakhale kachidutswa ka bisiketi?" Ukafunsa mokalipa amabisa, ndipo chobisikacho ndicho chimapha.

Lachiwiri mayi anamunyamula okha mpaka pakhomo la thiyeta. Mankhwala opha tizilombo, ceftriaxone ndi metronidazole, anaperekedwa pasanathe ola kuti mpeni ukhudze khungu. Patapita pafupifupi maola awiri anabwerera ndi kanula (kapaipi ka mumtsempha kolowetsera diripi) padzanja, kapaipi kamphuno kotulutsa madzi a m'mimba, ndi bandeji kumanzere kwa mimba. Podzuka analira, kudziponya, osazindikira mayi ake. Izi zimachitika kawirikawiri kwa ana a msinkhu uwu mankhwala ogonetsa akamatha, ndipo zimatha pasanathe theka la ola, koma mayi amene sanauzidwiretu amaganiza kuti mutu wa mwana wasokonekera. Ola loyamba timayeza kugunda kwa mtima, kupuma ndi mpweya wa m'magazi mphindi 15 zilizonse.

Diripi ya mwana ili ndi masamu ake: mamililita 4 pa kilogalamu pa ola kwa makilogalamu 10 oyamba, ndi 2 pa kilogalamu iliyonse yotsatira. Kwa iye ndi mamililita 42 pa ola. Pa kapaipi ka ana, kamene madontho 60 amapanga mililita imodzi, ndi madontho 42 pa mphindi. Madziwo amadutsa m'kabotolo koyezera kotchedwa burette kuti thumba lonse la lita lisakhuthukire mwa mwana, chifukwa madzi ochuluka chotero amadzaza mapapo. Gadiyani aliyense timamuuza kuti asakhudze kagudumu ka diripi, koma aziyang'ana dzanja: likatupa kapena kuzizira, aitane namwino. Za ululu, analandira paracetamol wa mumtsempha, mamiligalamu 15 pa kilogalamu, kutanthauza 165, maola 6 aliwonse, pamodzi ndi morphine tsiku loyamba, uku tikuwerenga kapumidwe kake. Mwana wa zaka ziwiri sanena pamene pakuwawa. Amapinda miyendo, amabuula potulutsa mpweya, kapena amangokhala duu osafuna kugwiridwa. Mwana wachete chotere si kuti wapeza bwino.

Lachitatu ndi Lachinayi ndiwo masiku ovuta kwa banja kuposa tsiku la opaleshoni. Matumbo akagwiridwa amayamba aima, ndipo chilichonse chimene mwana wameza chimangodzaza mimba. Koma mwanayo ali maso, akumva fungo la nsima ya pabedi loyandikana, akukoka chitenje cha mayi ake n'kumaloza kapu. Tinagwirizana kuti mayi ndi agogo azikadyera kukhitchini ya magadiyani mosinthana, makapu ndi mabotolo achoke pamaso pake, ndipo milomo azimunyowetsa ndi kansalu konyowa. Tinawapatsanso ntchito yosunga thewera lililonse kuti tiliyeze: galamu imodzi yowonjezera ndi mililita imodzi ya mkodzo, ndipo timafuna pafupifupi mamililita 11 pa ola. Mayi amene ali ndi chochita amapirira njala ya mwana wake bwino kuposa amene wangouzidwa kuti "musamupatse kanthu".

Kubereka kumbuyo tinaletsa kaye, popeza bala limakanikizika pamsana pa mayi ndipo chitenje chimamanga pamimba pomwepo. Koma kumugoneka tsiku lonse nakonso kumabweretsa chibayo. Amakhala pamiyendo ya agogo, kuyimirira atagwira bedi, ndi kuuzira kapepala kopachikidwa pa ulusi kuti mapapo atseguke. Mayi anali atakhala usiku uwiri osagona, ndipo tinachita kuwalamula kuti akagone masana agogo akudikirira. Gadiyani wotopa saona kusintha kwa mwana.

Lachinayi madzulo thupi linatentha kufika madigiri 38.2. Kutentha thupi pambuyo pa opaleshoni kumafuna kufufuza mwadongosolo: malungo, m'chifuwa, mkodzo, bala, kanula, ndi mimba. Malungo sanapezeke, mimba inali yofewa, koma pamene panali kanula panali pofiira ndi polimba. Tinaichotsa n'kuika ina kudzanja linalo, ndipo m'mawa thupi linali litazizira. Chimene timaopa kwambiri ndi kudontha kwa pamene alumikiza thumbo, kumene kumaonekera kwambiri pakati pa masiku 3 ndi 7 pambuyo pa opaleshoni. Zizindikiro zake ndi mtima wothamanga ngakhale mwana ali m'tulo, kupuma koposa ka 40 pa mphindi, mimba yotupa yolimba, ndi masanzi obiriwira. Masanzi obiriwira mwa mwana sadikira m'mawa.

Lachisanu m'bandakucha agogo anabwera pa tebulo la anamwino mwamanyazi: "Anesi, paja munati tikuuzeni, mwana waphwisa." Ndi nkhani imene wodi yonse imadikira, chifukwa imasonyeza kuti matumbo ayambanso kuyenda ndipo mpweya wadutsa polumikiza paja. Dokotala atamuona, kapaipi kamphuno kanachotsedwa ndipo anayamba kumwa madzi mamililita 20 pa ola. Atapanda kusanza tinawonjezera, tikuchepetsa diripi. Loweruka anadya phala lamadzimadzi, ndipo masana ake anachita chimbudzi kudzera njira yapansi koyamba m'moyo wake. Iye analira ndi mantha, popeza sanamvepo zoterozo. Mayi ake anakhala pansi n'kulira nawo.

Kuyambira pamenepo ntchito yaikulu ndi khungu. Chimbudzi choyamba chimakhala chamadzi, chosakanikirana ndi zonanda ndi timagazi takuda, ndipo chimatuluka pang'onopang'ono mwina kakhumi kapena kuposa pa tsiku kwa masabata angapo. Khungu la matako silinakumanepo ndi chimbudzi, ndiye limasupuka m'masiku awiri okha mpaka kutuluka magazi. Mafuta otchinjiriza ayenera kuyamba chimbudzi choyamba chisanabwere, ndipo ife tinayamba Lachinayi. Thewera lisinthidwe nthawi yomweyo. Kutsuka ndi madzi ofunda okha, popanda sopo kapena timapepala tonunkhira togula, n'kuumitsa mogunditsa nsalu, osapukuta. Kenako zinc oxide wosakaniza ndi Vaseline, wopaka mokhuthala ngati mmene timazirira khonde. Posintha thewera lotsatira, chotsani chimbudzi cha pamwamba chokha, mafuta amene amatirira asiyeni n'kuwonjezera ena. Kangapo pa tsiku mwana akhale wopanda thewera. Pakatuluka timadontho tofiira mozungulira chilondacho, ndi mafangasi, ndipo pamafunika mankhwala opaka a clotrimazole. Mafuta oyeretsa khungu a pamsika amapyapyalitsa khungu n'kukulitsa vutolo.

Lamulungu mbali imodzi ya bala inafiira n'kutulutsa mafinya pang'ono. Pamalo amene pakhala pakutuluka chimbudzi kwa zaka ziwiri izi sizachilendo. Dokotala anachotsa ulusi umodzi kuti mafinya atuluke, ndipo tinaonetsa mayi mmene pamatsukidwira ndi saline tsiku lililonse kuti bala lipole kuchokera m'kati. Phulusa, mankhwala otsukira mano ndi ufa wa m'makapisozi sizikhudza bala.

Asanatuluke Lolemba tinakhala nawo pansi ndi kabuku kawo kakuchipatala. Paracetamol wamadzi wa mamiligalamu 120 pa mamililita 5, mwana amwe mamililita 7, osapitirira kanayi pa tsiku, poyezera sirinji osati supuni ya tiyi. Kachitsulo ka Hegar kapitirire motsatira ndondomeko imene dokotala walemba, chifukwa njira imachepanso ikasiyidwa msanga. Chimbudzi chamadzi chikadzasiya, vuto la ana ambiri otere limakhala kudzimbidwa, ndiye papaya, mango, masamba ndi madzi zisasowe, ndipo masiku awiri osachita chimbudzi ndi chifukwa chokwanira chobwerera. Tinawauzanso agogo pamaso pa mayi kuti mwanayu mwina adzachedwa kudzigwira, mwinanso adzafunika thandizo la kuchipatala kuti azikhala woyera, malingana ndi mmene minofu ndi mitsempha yake inapangikira. Izi zimadziwika bwino akafika zaka 3 kapena 4. Akadziipitsira asamenyedwe, si ulesi kapena mwano.

Bala azikatsukitsa kuchipatala chaching'ono cha kwawo, ndipo tinalemba kalata yofotokoza zimene zinachitika kuti a kumeneko asachite kufunsa mayi dzina la opaleshoni. Tsiku lodzaonedwanso ndi pakatha masabata awiri, ndipo mayi anaimbira bambo a mwana tili pomwepo kuti ndalama ya ulendowo iyambe kusungidwa.