Zikomo nonse amene munandigwira dzanja mpaka kukafika ku Persepolis

Abale anga, amayi anzanga a kumpingo, aphunzitsi anzanga opuma pantchito, ndi inu ana nonse amene munadutsa m'manja mwanga, ndabwerako ku Iran ndipo ndafika bwinobwino. Ambiri mwakhala mukuimba foni, ena mwafika pakhomo kudzandilonjera, koma kuti ndiyendere aliyense payekha mwendowu sungalole. Ndiye ndati ndilembe pano poyera, kuti yense amene anaikapo dzanja amve kuthokoza kwanga, adziwenso kumene thandizo lake linakandifikitsa.

Mukukumbukira mmene ndinalili sitiroko itandigwetsa. Mkono ndi mwendo wakumanzere zinafa, kubafa ndinkachita kunyamulidwa, phala ndinkachita kumwetsedwa. Masiku amenewo ndi pamene mwana wanga wotsiriza anandilonjeza kuti tsiku limene ndidzayende ndekha kuchoka pakhonde kukafika pageti, iye ndi abale ake adzanditengera kumanda a Koresi, mfumu yakale ya ku Persia (Iran wa lero), imene ndakhala ndikuphunzitsa ana a eni moyo wanga wonse osaonako ngakhale mwala wake umodzi. Ndinalira, chifukwa nthawi imeneyo geti linali kutali kwambiri.

Choncho kuthokoza kwanga koyamba kupite kwa ana inu a fiziyo kuchipatala. Munkandiimika pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira zija, wina kutsogolo wina kumbuyo, n'kumakankha phazi langa ndi phazi lanu kuti likumbukire ntchito yake. Tsiku limene ndinakana kudzuka simunandikalipire, munangokhala pansi n'kudikira mpaka mtima wanga utatsika. Amayi a Mvano, munagawana masiku ochapa ndi ophika popanda wokupemphani. Achemwali anga aakulu, munasiya munda wanu nthawi yokolola n'kudzagona pamphasa pafupi ndi bedi langa. Mulungu akubwezereni koposa.

Mwana wanga wa ku Johannesburg, iwe ndi mlongo wako munadzimana kuti tikiti ipezeke. Mpongozi wanga, inu ndiye munathamanga ndi za pasipoti ndi viza, komanso kusaka madola nthawi ino ndalama zakunja zikuvuta chonchi. Ku Iran makadi a kubanki a Visa ndi Mastercard sagwira ntchito chifukwa cha zilango za zachuma zimene maiko ena anaikira dzikolo, choncho mlendo amayenera kunyamula ndalama m'thumba. Anzanga a banki m'khonde, zimene munasonkha zija ndi zimene zinagula mankhwala onse a paulendo.

Koma pali mmodzi amene sadziwa Chichewa, ndipo mwana wanga walonjeza kuti amufotokozera zonsezi. Ndi mtsikana wa ku Shiraz amene ankatsogolera gulu lathu. Dzina lake sindilemba, koma ine ndinkangomuitana kuti mwana wanga, ndipo posakhalitsa nayenso anayamba kuyankha ngati mwana. Tisananyamuke n'komwe anafunsa kuti ndimayenda mtunda wotani ndisanapume, ndimamwa mankhwala nthawi yanji, ndi zakudya ziti zimene dokotala anandiletsa. Atatilandira pabwalo la ndege anali ndi kampando kopinda m'manja, ndipo kampandoko anakanyamula yekha ulendo wonse. Ndiyenso anandiphunzitsa kumanga mpango wakumutu ndi dzanja limodzi kuti usamagwe, popeza kumeneko mkazi aliyense, ngakhale mlendo, amayenera kufunda kumutu akatuluka.

Persepolis, mabwinja a nyumba za mafumu akale a ku Persia, ili makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku mzinda wa Shiraz, ndipo eni ake amaitcha Takht-e Jamshid. Anayamba kuimanga ndi mfumu Darius woyamba, Dariyo uja wa m'buku la Ezara, cha m'ma 518 Khristu asanabadwe, ndipo mwana wake Xerxes ndi mdzukulu wake Artaxerxes anapitiriza. Nyumba zonse zinakhala pansanja yaikulu yamiyala yotsamira phiri, ndipo kuti ufike pamwamba pali masitepe 111. Usiku wa dzulo lake nambala imeneyi inandisowetsa tulo. Mtsikana uja anandiuza kuti ndidikire kaye ndiwaone. Masitepewo ndi otambalala, ndipo lililonse ndi lalitali masentimita 10 okha. Akatswiri amati anawapanga motero kuti akuluakulu ovala mikanjo yofika kumapazi azikwera mwaulemu, osawefuka. Masiku ano anawaphimba ndi matabwa kuti miyala isaperepeseke. Ndodo inali kumanja, iye anagwira dzanja lakumanzere lija linafali, mwana wanga kumbuyo. Tinkakwera pang'ono n'kuima, kukwera n'kuima. Anzathu a m'gulu, anthu ochokera maiko osiyanasiyana, akanatha kutsogola, koma anasankha kuyenda mwa kayendedwe kanga. Nditafika pamwamba mawu anandithera.

Pamwambapo umayamba kudutsa pa Chipata cha Mitundu Yonse chimene anamanga Xerxes, chokhala ndi zifanizo zikuluzikulu za ng'ombe zamphongo, zina zamapiko ndi nkhope za anthu. Pamenepo ndinaona chinthu chimene chinandipweteka. Alendo akale ochokera ku Ulaya ankazokota maina awo pamiyala imeneyi, ndipo limodzi mwa mainawo ndi la Stanley, pamodzi ndi dzina la nyuzipepala yake ndi chaka cha 1870. Ndi Stanley yemwe uja anakumana ndi David Livingstone ku Ujiji mu 1871. Munthu kufika pamalo amene anzako anasema ndi thukuta zaka zoposa 2,000 zapitazo, iwe n'kutenga chitsulo kulembapo dzina lako, kumeneko n'kusowa ulemu.

Kumene ndinakhalitsa ndi pamasitepe akummawa a Apadana, holo yaikulu imene mfumu inkalandiriramo alendo. Holoyo inali ndi zipilala 72 zotalika pafupifupi mamita 20, ndipo zimene zili chiimire lero n'zowerengeka. Koma zosema za pakhoma la masitepewo zikadali zakuthwa, chifukwa zinakwiririka m'dothi mpaka pamene anazifukula m'zaka za m'ma 1930. Mtsikana uja anatambasula kampando kaja nandikhazika pafupi kwenikweni, n'kuyamba kundisonyeza magulu 23 a anthu obweretsa mphatso kwa mfumu, gulu lililonse ndi zovala zakwawo. Awa akukoka ngamila ya malinunda awiri. Awa agwira nkhosa zamphongo, ubweya wake wosemedwa kamzere ndi kamzere. Anthu a ku Elam akutsogoza mkango waukazi, ndipo awiri anyamula ana ake m'manja, mkangowo utatembenuza mutu kuwayang'ana. Kenako anandidzutsa kuti tipite kumapeto kwenikweni kwa mzere. Kumeneko kuli anthu a ku Kush, kumwera kwa Egypt, atsitsi lopotana ngati lathuli. Mmodzi wasenza mnyanga wa njovu paphewa, ndipo akukoka nyama imene ena amati ndi nyamalikiti, ena amati okapi. Anthu a mu Africa, osemedwa pamwala ku Persia Khristu asanabadwe! Ndinapempha kuti tikhalepo kanthawi, ndipo palibe anandifulumizitsa.

Kutsogolo kwa gulu lililonse kuli nduna ya ku Persia kapena ya ku Media itagwira dzanja la mtsogoleri wa alendowo, kumuperekeza kwa mfumu. Pamasitepe amenewa palibe womangidwa unyolo, palibe wogwada. Ine ndinakondwa nazo, koma chimene ndinamulemekezera mwana ameneyu n'chakuti sanakometsere dziko lake. Ananena mosabisa kuti umu ndi mmene mfumu inkafunira kuti anthu aziuonera ufumu wake, pamene ambiri mwa maikowa anagonjetsedwa ndi nkhondo ndipo ankakhoma msonkho. Ameneyo ndiye mphunzitsi weniweni.

Anatifotokozeranso za timapale tadongo masauzande ambiri timene anatipeza mu 1933 m'zipinda za mpanda wa nsanjayo. Timapaleti ndi kaundula wa chakudya chimene ankalipira antchito: balere, vinyo, mowa, nthawi zina nkhosa. Mukupezeka akazi amene ankayang'anira magulu a antchito n'kumalandira zambiri kuposa amuna a m'gulu lawo. Mayi akabereka ankamuwonjezera chakudya, ngakhale kuti wobereka mwana wamwamuna ankalandira kawiri kuposa wobereka wamkazi. Ine amene ndayendetsedwa ulendo wonsewu ndi ana aakazi, zimenezo zinandikhudza. Zonsezi zinatha mu 330 B.C. pamene Alexander wa ku Macedonia anatentha malowa.

Pafupi pomwepo, ku Naqsh-e Rostam, kuli manda anayi a mafumu ogobedwa m'mwamba pathanthwe, ndipo amodzi ali ndi malemba otsimikiza kuti ndi a Darius. M'munsi mwake mafumu a pambuyo pake anasemanso zawo, monga Shapur woyamba ali pakavalo atagwira mkono wa Mroma, amene ambiri amati ndi mfumu Valerian yomwe anaigwira ukapolo mu 260 A.D. Kumeneko sindinayende kwambiri, dzuwa linali litakula.

Manda a Cyrus, Koresi wathu uja, ali ku Pasargadae, okhaokha pakati pa chigwa. Ndi kanyumba kamiyala kopanda zokongoletsa, kokhala pamwamba pa masitepe 6 akuluakulu. Mfumu imeneyi inalanda Babylon mu 539 B.C., ndipo mutu woyamba wa Ezara umafotokoza mmene inalolera Ayuda kubwerera kwawo kukamanganso kachisi. Kwa zaka mazana ambiri anthu a m'deralo ankati amenewa ndi manda a amake a Solomo, ndipo anthu amati zimenezo zinathandiza kuti asagwetsedwe. Abusa, munandiuza kuti ndikafika ndikawerenge Yesaya 45, pamene Yehova akutcha Koresi wodzozedwa wake amene anamugwira dzanja lamanja. Ndinawerenga chapansipansi nditakhala pakampando kaja. Mtsikana uja, yemwe ndi Msilamu, anaima patali pang'ono n'kuuza anzathu kuti andisiye kaye. Zikomo abusa, ndipo zikomo mwana wanga.

Vuto linandipeza ku Yazd, mzinda wa m'chipululu womangidwa ndi njerwa zadothi. Phazi linatupa, mutu unalemera, BP inakwera. Unali usiku, ndipo mwana wanga anachita mantha. Mtsikana uja anadzutsa dalaivala, anatitengera kwa dokotala, anamasulira zonse, ndipo popeza ndalama zathu za kumeneko zinali zitachepa, analipira ndi khadi lake osayembekeza kuti timupemphe. Tinachita kulimbana naye m'mawa mwake kuti alandire ndalama yake. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo makolo a mwana ameneyu, kulikonse kumene muli, munalera.

Eni nyumba ya alendo imene tinagonamo anandisamutsira kuchipinda chapansi, kunsi kwa nsanja yokola mphepo imene amaitcha badgir. Nsanjayo imatuluka pamwamba pa denga, ili ndi mipata imene imagwira mphepo n'kuitsitsira m'nyumba, mpweya wotentha n'kumatulukira mbali ina. Ndinagona pamenepo tsiku lonse, kamphepo kozizira kakundiwomba popanda magetsi. Mayi wa panyumbapo anandiphikira msuzi wopanda mchere, ndipo ankabwera kudzandigwira pamphumi ngakhale tinalibe chilankhulo chomverana. Anzanga atabwerako kokaona malo anandifotokozera zonse ndi zithunzi. Nditapezako bwino anandiperekeza kukachisi wa Azoroasta, anthu a chipembedzo chakale cha ku Persia, womangidwa mu 1934, kumene moto umayaka kuseri kwa galasi, ndipo eni ake amati wakhala ukusungidwa osazima kuyambira cha m'ma 470 A.D. Tinaonanso mmene madzi amafikira mumzindawo kudzera m'ngalande zapansi pa nthaka zotchedwa qanat, zochokera m'tsinde mwa mapiri kutali, zotsetsereka pang'onopang'ono kuti madzi aziyenda okha. Ukamayenda pamsewu umaona milu ya dothi ya pakamwa pa zitsime zake itandandalikana ngati zulu za chiswe. Dalaivala wathu, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anaimitsa galimoto kuti ndione bwino ndili pampando. Bambo, zikomo, ndi chifukwa cha kabokosi kamatabwa kamene munkandiikira pakhomo la galimoto kuti ndizipondapo.

Ku Isfahan tinafika nditatopa, ndipo sindinganene zambiri. Bwalo la Naqsh-e Jahan, limene anamanga Shah Abbas atasamutsira likulu lake kumeneko mu 1598, ndi lalitali mamita 560 ndipo m'lifupi ndi 160. Miyendo yanga sikanalikwanitsa, choncho anzanga a m'gulu anasonkherana n'kundikweza ngolo yokokedwa ndi kavalo kuti ndilizungulire lonse. Mumzikiti wa Sheikh Lotfollah ndinalowa ndi mapazi anga, kudutsa kanjira kamdima kokhota mpaka kutulukira pansi pa denga lozungulira lamatailosi, ndipo mwana wanga anandigwira msana kuti ndithe kuyang'ana kumwamba osagwa. Madzulo pa mlatho wa Khaju, mtsinje wa Zayandeh unali wouma, koma amuna anasonkhana kunsi kwa mlathowo akuimba molandizana, ndipo mkulu wina anandipatsa malo ake okhala.

Kunyumba kuno, mdzukulu wanga wamkulu anathirira ndiwo zonse ndipo nkhuku ndazipeza zokwana. Aneba anga a kumtunda, munkagona ndi khutu limodzi kunyumba kwanga, zikomo kwambiri. Lamulungu likudzali ndidzaimirira mumpingo kupereka chithokozo, ndipo amene mungathe mubwere tidzayamike limodzi. Aphunzitsi anzanga amene mukadali pantchito, zithunzi zonse mwana wanga wazisunga pakompyuta, za Apadana zikuoneka bwino kwambiri. Amene mukufuna kuti ana anu azione, ndiuzeni tsiku, ndidzabwera ndekha m'kalasi kudzawafotokozera, mungondikonzerako mpando kutsogolo.