Dzanja lachitatu la Edith Kramer

Mu Malichi 2023, matope atatsika kuchokera m'phiri la Soche ndi namondwe wa Freddy, sukulu yathu inasanduka msasa. Madesiki tinawaunjika pakhonde, m'makalasi n'kumagona anthu. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 4, ndipo poti maphunziro anali ataima, masana ndinkasonkhanitsa ana pakona ya kalasi ina, n'kuwagawira mapepala othothola m'makope akale ndi makrayoni oduka.

Panali kamnyamata kena ka zaka ngati 9. Kankajambula nyumba yabwinobwino, ya malata ndi mawindo awiri, kenako n'kutenga krayoni wabulauni kuipaka yonse mpaka kusowa. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu ndinalephera kupirira, ndinagwada pambali pake n'kufunsa kuti, "Iwe, m'nyumbamu munali ndani?" Mwanayo anaika krayoni pansi, n'kutuluka. Masiku awiri sanaoneke. Mpaka lero funso lija limandiwawa.

Chaka chotsatira ndinayamba maphunziro a uphungu, ndipo kumeneko n'komwe ndinamva koyamba dzina la Edith Kramer, mayi amene anatha moyo wake akuchiza ana kudzera m'zojambula komanso kuphunzitsa ena ntchitoyi.

Anabadwira ku Vienna, m'dziko la Austria, mu 1916. Ali mtsikana anaphunzira kujambula kwa Friedl Dicker-Brandeis, ndipo mphunzitsi wakeyo atasamukira ku Prague, iye anamutsatira. Kumeneko ankathandizana kuphunzitsa ana a anthu othawa ulamuliro wa chipani cha Nazi. Mu 1938 Kramer anathawira ku New York. Dicker-Brandeis anatsala. A Nazi anamutsekera kumsasa wa ukaidi wa Terezín, komwe anapitiriza kujambulitsa ana ndi timapepala tilitonse tomwe akanatola, mpaka mu 1944 pomwe anamutengera kumsasa wophera anthu wa Auschwitz n'kukamupha. Asanatengedwe analongedza zojambula za anawo zoposa 4,000 m'masutikesi awiri, ndipo lero zikusungidwa ku Jewish Museum ya ku Prague. Ndikaganiza za mayi ameneyu akulongedza mapepala a ana, imfa ili pakhomo, mtima wanga sukhala m'malo.

Ku America Kramer sanayambire paudindo. Nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ankagwira ntchito pamakina m'kafakitale ka zitsulo, ndipo akaweruka ankajambula zomwe ankaona m'menemo. Mu 1950 analembedwa ntchito ku Wiltwyck School for Boys, sukulu yogonera komweko ya anyamata a mumzinda wa New York omwe anthu anali atawatopera: andewu, othawa kwawo, ena odutsa kale m'makhoti. Anakhalako zaka 7, ndipo buku lake loyamba, lomwe linatuluka mu 1958, linachokera m'zimene anaona kwa anyamatawa. Pambuyo pake anaphunzitsa kwa zaka zoposa 30 ku New York University, komwe anathandiza kukhazikitsa maphunziro a digiri yachiwiri a ntchitoyi, komanso ku George Washington University. Anamwalira kwawo ku Austria mu 2014 ali ndi zaka 97.

Chomwe chinandigwira mtima ndi pomwe ankasiyana ndi Margaret Naumburg, mayi wina wotchuka pantchitoyi. Kwa Naumburg, chithunzi chinali khomo lolowera kukulankhula: munthu ajambule, kenako afotokoze, zobisika zituluke. Kramer ankati mankhwala ali m'kujambula kwenikweniko. Mwana wodzaza mkwiyo akaumba mkango wadongo wotsegula kukamwa, mkwiyowo wapeza thupi, wasanduka chinthu chomwe mwanayo angachiike patebulo n'kuchiyang'ana. Sipafunika kumuumiriza kuti anene kuti mkangowo ndi bambo ake. Ine ndili mbali ya Kramer, ngakhale ndikudziwa kuti kulankhula kuli ndi nthawi yake. Kwathu kuno mwana timamulera kuti asayang'ane wamkulu m'maso, asayankhe zambiri, ndiye tikamukhazika pampando n'kumuuza kuti "fotokoza mmene ukumvera", timangomuwonjezera katundu. Koma mwana yemweyo mum'patse dongo la kudambo, muona ng'ombe, galimoto, ngakhale maliro.

Kramer anali ndi mawu omwe ophunzira ake amawatchulabe: dzanja lachitatu. Mwana ali ndi manja ake awiri. Wothandiza amabwereketsa lachitatu, lomwe ntchito yake n'kusakaniza utoto womwe mwana akuusowa, kugwirizira mwendo wa chidole chadongo kuti usathyoke, kupukuta madzi asanawononge chithunzi. Dzanja limeneli silijambula zofuna zake, silikonza chithunzi kuti chikongole m'maso mwa wamkulu. Kwa mphunzitsi ngati ine, wozolowera bolopeni yofiira, limeneli ndi phunziro lovuta kwambiri. N'chifukwa chakenso ankalimbikira kuti wochita ntchitoyi asasiye kujambula payekha. Mwini wake sanasiye: pasiteshoni ya sitima zapansi ya Spring Street ku New York pali chithunzi chake cha timiyala tomatamata. Munthu amene sanaonepo chithunzi chake chikuwonongeka m'manja mwake sangadziwe nthawi yotambasula dzanja ndi nthawi yolibweza.

Kamnyamata kaja kanabwerera tsiku lachisanu ndi chimodzi. Sindinafunse kanthu. Ndinangokankhira pepala ndi kachitini ka makrayoni kufupi nako, ine n'kukhala chapatali ndikusongola mapensulo. Nyumba ija inabweranso, malata ndi mawindo awiri, ndipo bulauni uja anayambanso kuikwirira. Ulendo uno kanatsindika kwambiri moti pepala linang'ambika pakati. Ndinaona milomo ikunjenjemera. Pa nthawiyo za Kramer ndinali ndisanazimve, koma m'chikwama ndinali ndi selotepi. Ndinatembenuza pepalalo, kulumikiza mong'ambikamo chakumbuyo, kulisalaza ndi chikhatho, n'kulibweza pomwe linali.

Kanaliyang'ana nthawi yaitali. Kenako kanapitiriza kupaka, koma pang'onopang'ono, n'kusiya windo limodzi losakwiririka. Katamaliza kanafufuza m'kachitini kaja, kenako n'kudzutsa mutu.

"Madamu, wachikasu alipo?"

Analipo, kachidutswa kochepa ngati njere ya nyemba, kali m'manja mwa mtsikana wina. Tinadikira limodzi kuti amalize.