Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Chaka chimene bandi yathu inagula kope

Gawo lapitali ndinalekezera pamene tinamaliza kujambula chimbale choyamba ku Blantyre, n'kutsetsereka phiri kudzera pa Thabwa titanyamula katoni ya ma CD. Tonse tinkaona ngati umphawi tautsanzika. Koma ifeyo tinalowa m'zoimbaimba msika umene unadyetsa akuluakulu athu utayamba kale kuzilala. Iwo ankatula chimbale kwa O.G. Issa ku Limbe, makaseti n'kumagulidwa dziko lonse. Ife tinapeza pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula patadzaza anyamata a makompyuta obena nyimbo. Munthu ankabwera ndi memori khadi n'kuthiridwa nyimbo mazanamazana pa ndalama yosakwana kugula CD yathu imodzi.

Zinandiwawa kwambiri, moti ndinkafuna kumakakangana nawo anyamatawo. Amene anandibweza ndi amalume, omwe anagwira ntchito m'minda ya nzimbe kuyambira kampani ikutchedwa SUCOMA mpaka kudzakhala Illovo. Anati, "Mphwanga, ndamva nyimbo yako ikulira pa foni ya wakabaza pamsikapa. Ndiye kuti anthu akuikonda. Nanga wina akafuna kukuitana ku ukwati wa mwana wake, akupeza bwanji?" Ndinati, "Amalume, afunsa kwa anthu." Iwo anapukusa mutu. Kuchokera pamenepo nyimbo iliyonse imene tinkatulutsa inkatchula dzina la bandi ndi dera lathu poyambirira, ndipo nambala ya foni tinkailemba pa zikwangwani ndi pa masipika omwe. Obenawo ndinayamba kuwapatsa ndekha nyimbo yomveka bwino, kusiyana ndi yosasa imene ankagawana.

Ndalama zathu zinayamba kubwera kudzera m'maukwati, zinkhoswe ndi madansi a kumapeto kwa mwezi. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti m'chigwa cha Shire muno ndalama ili ndi nyengo yake. Nzimbe zikamadulidwa, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Novembala, pa Nchalo pamakhala potentha malipiro akatuluka. Alimi akagulitsa thonje ndi chitowe, maukwati amachuluka m'midzi. Koma kuyambira Januwale mpaka Malichi palibe amene amaganiza za bandi. Anthu amakhala maso ali pa mitsinje ya Shire ndi Mwanza poopa kusefukira kwa madzi. Amene anaona madzi a mu Januwale 2015, kapena Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023, akudziwa kuti miyezi imeneyi munthu umathokoza ukangopulumutsa ana ndi mbuzi. Woimba amene wadya zonse za mu Okutobala, pofika Febuluwale amagulitsa kiyibodi, ndipo ndaona anzanga aluso kuposa ine akusiya kuimba mwa njira imeneyi.

Kope tinaligula titabwera ku ukwati wina wa kutsidya kwa Shire. Tinaimba tsiku lonse dzuwa likuswa mtengo, a komiti akutiuza kuti tidikire perekaniperekani athe. Atatha, ndalama zinalowa m'nyumba, ife n'kupatsidwa mawu okoma ndi mbale ya mpunga. Galimoto imene inanyamula zida tinalipira ndi za m'thumba mwathu. Usiku womwewo tinagwirizana kuti sitidzakwezanso sipika pa galimoto tisanalandire theka la ndalama ngati chikole, ndipo theka lotsalalo lizilowa tisanalumikize waya woyamba. Woitana amasaina m'kopemo pamaso pa mboni. Masiku ano ambiri amatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthenga wake n'kukhala umboni wachiwiri. Ena amanyansidwa, amati, "Achimwene, simukutikhulupirira?" Ndimawayankha mwaulemu kuti wophika ndi wamatenti alandira kale zawo.

M'kope lomwelo timalemba kagawidwe. Tikachotsa za galimoto ndi mafuta a jenereta, timapatula gawo la zida lomwe sakhudza aliyense, ndi la miyezi ya mvula, kenaka n'kugawana zotsala aliyense akuona. Mabandi ambiri amene ndikuwadziwa anatha chifukwa woimba ng'oma ankakayikira kuti mtsogoleri walandira zingati. Mafuta ndi galimoto timazilemba padera pa mtengo wa kuimba. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 magetsi ankazima maola ambiri, jenereta n'kukhala yosapeweka. Kenaka mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Amene anagwirizana mtengo umodzi wa zonse miyezi ingapo m'mbuyo anakaimba mwaulere pa Khirisimasi.

Chinanso chimene ndimalimbikitsa achinyamata amene amabwera kudzandifunsa nzeru ndi kulembetsa nyimbo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso limene linakhazikitsidwa mu 1992. Ndilo limatolera ndalama ku nyumba zoulutsira mawu ndi malo ena ogwiritsa ntchito nyimbo, ndipo lamulo la 2016 linatsegulanso njira yoti pa zipangizo zosungira nyimbo pazidulidwa kangachepe kopita kwa eni luso. Woimba wa ku Nsanje amene sanalembetse sangaone kalikonse ngakhale nyimbo yake italira pa MBC tsiku lililonse. Musanatuluke mu situdiyo, lembani amene anapeka mawu, amene anapeka maimbidwe ndi zimene mwagwirizana ndi wojambula. Pa tsikulo nonse mumakhala mukuseka, ndipo ndi tsiku losavuta kusainirana.

Kopelo litadzaza theka, tinali titagula ampu yathuyathu n'kuleka kubwereka. Mu gawo lotsatira ndidzafotokoza mmene tinapezera mkulu woimba valimba (mangolongondo a Chisena) kufupi ndi Tengani, ndi mkangano umene unabuka mu bandi nditanena kuti chimbale chachiwiri chikhale ndi nyimbo za Chisena.