Mmene ndinasinthira mafayilo 340 a InDesign kukhala PDF ndi IDML

Ntchito inabwera ndi mawu ochepa. M'foda munali timagazini takale 340 toyalidwa mu InDesign, pulogalamu ya Adobe yoyalira masamba, ndipo eni ake ankafuna kalikonse katuluke m'mitundu iwiri: PDF yosunga ndi kusindikizanso, komanso IDML yoti anzawo amene alibe InDesign yatsopano azitha kutsegula. Pempho lachiwirili lili ndi chifukwa chomveka. Fayilo ya INDD (mtundu wa mafayilo a InDesign) yosungidwa ndi InDesign yatsopano imakana kutseguka pa yakale, ndipo IDML, imene Adobe inabweretsa ndi CS4 mu 2008, ndiyo imawolotsa ntchito kuchoka uku kupita uko. M'kati mwake ndi mafayilo a XML omangidwa pamodzi ngati zip, n'chifukwa chake mapulogalamu ena oyalira masamba, monga Affinity Publisher ndi Scribus, nawonso amatha kuiwerenga.

Ndinayamba ndi manja. Kutsegula, kudina Export, kusankha PDF, kudikira, kudinanso Export, kusankha IDML, kutseka. Pofika fayilo ya nambala 12 ola linali litatha, ndipo PDF imodzi ndinali nditaiponya kale m'foda yolakwika. Kutopa sikunandidetse nkhawa kwenikweni. Chimene chinandiopsa n'chakuti dzanja likazolowera kudina, maso amasiya kuona, ndipo ntchito ya anthu ya zaka zambiri ikanawonongekera m'manja mwanga.

Ndinaganiza zolemba script, kapulogalamu kouza InDesign kuti igwire yokha ntchitoyi, koma ndisanalembe mzere uliwonse ndinachita zinthu ziwiri. Ndinakopera foda yonse kwina, kuti zoyambirira zikhale zosakhudzidwa. Kenako ndinapanga preset yangayanga ya PDF, kutanthauza zosankha zosungidwa pamodzi pa dzina limodzi, n'kuitcha Kusunga. Ndinasankha PDF/X-4 chifukwa imasiya zithunzi zoonekera kuseri monga zilili, pamene PDF/X-1a imaziphwatalala n'kukakamiza utoto wa pa sikirini (RGB) kukhala wa CMYK, wa makina osindikizira. Ndinachonganso kuti izitenga bleed (mbali yopitirira m'mphepete mwa tsamba imene imadulidwa akasindikiza) imene ili kale mu fayilo iliyonse, popeza timagazini tina tinali ndi zithunzi zofika mpaka m'mphepete mwa pepala. Preset ikakhalapo, script imangoitchula dzina, osati kumalemba zosankha zonse m'modzim'modzi.

Pokhala script ndi posavuta kupeza. Pa Window pali Utilities, pamenepo pali Scripts. Mukadina foda yotchedwa User ndi batani lakumanja, imakuonetsani malo ake enieni pa kompyuta, ndipo fayilo iliyonse yothera ndi jsx mukaiika mmenemo imaonekera pompo. InDesign imamvanso AppleScript pa Mac ndi VBScript pa Windows, ndiponso kuyambira InDesign 2023 kuli njira yatsopano ya UXP. Ine ndinatenga ExtendScript chifukwa imagwira ntchito konsekonse. Ndi JavaScript yachikale ndithu, moti siidziwa let, muyenera kulemba var.

Script yoyamba inali ya mizere yosakwana 20. Folder.selectDialog imafunsa foda, getFiles imatolera mafayilo onse othera ndi indd, app.open imatsegula iliyonse popanda kuionetsa pa sikirini, exportFile imatulutsa PDF kenako IDML, ndipo close ndi SaveOptions.NO imatseka osasunga kanthu. Mfundo yomalizayi musaidumphe. Fayilo yakale ikatsegulidwa, InDesign imaisinthira ku mtundu wake watsopano, ndipo mukalola kuti isunge, yoyambirira ija yapita.

Nditaiyendetsa, inaima pa fayilo yachitatu. Kabokosi kanatulukira kakudandaula kuti fonti ina palibe, n'kumadikira munthu adine OK. Yankho lake ndi mzere umodzi pamwamba pa script: kuika userInteractionLevel pa NEVER_INTERACT. Nditatero, zonse zinayenda mwakachetechete. Ndinaisiya usiku, m'mawa n'kupeza mafayilo ali ndandanda m'foda, ndipo mtima unakhala pansi.

Unakhala pansi msanga. PDF yoyamba kuitsegula inali ndi masamba awiri okha. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi, ngakhale kagazini kamene ndinkadziwa kuti kali ndi masamba 24. Dzulo lake ndinali nditatulutsa tsamba 1 ndi 2 la ntchito ina, ndipo InDesign inasunga chisankho chimenecho. Preset simasunga chiwerengero cha masamba. Icho chimakhala padera, mu pdfExportPreferences. Muyenera kuika pageRange pa ALL_PAGES script isanayambe kutulutsa chilichonse.

Ulendo wachiwiri masamba anakwana, koma ndinaganiza zoyang'anitsitsa mafayilo angapo ndisanakhulupirire. Pa kope lina panali chithunzi cha gulu la ana ataimirira m'mizere itatu. Ndikuchiona chaching'ono chinkaoneka bwinobwino. Nditachikulitsa, nkhope zonse zinali timabokosi ta mbuu, osazindikirika ngakhale mwana mmodzi. Chithunzi chenicheni chinali chitasowa m'foda ya Links, momwe mumakhala zithunzi zolumikizidwa ku fayilo, ndipo InDesign inangotenga kachithunzi kowonera kamene imasunga m'kati mwa fayilo n'kukaika mu PDF. Patsamba lina fonti yosowa inalowedwa m'malo ndi ina yonenepa, mawu n'kusefukira m'bokosi lawo, ndime yomaliza ya nkhani n'kuzimiririka. Zilembo zokhala ndi chizindikiro pamwamba, monga ŵ ndi é, zina zinasanduka timabokosi topanda kanthu. Pa sikirini zonsezi zimaoneka: fonti yosowa imapakidwa pinki, mawu osefukira amasonyezedwa ndi kamtanda kofiira pangodya ya bokosi. Koma ine ndinali nditauza pulogalamuyo kuti isandifunse chilichonse, ndipo inamvera.

Apa m'pamene ntchito yeniyeni inayambira. Machenjezo amene ndinatseka pakamwa aja ndinayenera kuwabweza mwa njira ina. Ndinawonjezera kuti script ikatsegula fayilo, iyambe yafufuza isanatulutse kanthu. Imadutsa mu links zonse n'kuona ngati pali ya LINK_MISSING kapena LINK_OUT_OF_DATE. Imadutsa mu fonts n'kulemba iliyonse imene siili INSTALLED. Imadutsa mu stories, ndiye kuti nkhani zolembedwa, n'kufunsa overflows ngati mawu asefukira. Chilichonse chimene yapeza imachilemba mu kafayilo ka txt, mzere umodzi pa vuto lililonse, dzina la fayilo patsogolo. Ndinakulunganso ntchito ya fayilo iliyonse mu try ndi catch, kuti imodzi yowonongeka isagwetse zonse. Script imangolemba kuti iyi yakana, n'kupita ku ina.

Pa zithunzi zimene zasinthidwa pambuyo poti zayalidwa, script ikhoza kuzitsitsimutsa yokha ndi update. Ine ndinakana. Chithunzi chosinthidwa chikhoza kukhala china ndithu chongotengera dzina lakale, ndipo cholinga cha ntchito yonseyi chinali kusunga zimene zinasindikizidwa nthawi imeneyo. Chosankha chotere ndi cha munthu amene akuona tsambalo ndi maso.

Zina zinali zazing'ono. Nditawerenga zotuluka ndinapeza 291 m'malo mwa 340, chifukwa getFiles sitsikira yokha m'mafoda a m'kati. Ndinalemba kachigawo kodziitana kokha kakapeza foda. Komanso tsiku lotsatira InDesign inasiya kundionetsa timabokosi ta script zina, mpaka ndinakumbukira kuti NEVER_INTERACT imakhalabe mpaka mutaibweza. Tsopano mzere womaliza umaika INTERACT_WITH_ALL, ndipo uli m'chigawo cha finally kuti uyende ngakhale zinthu zitasokonekera pakati.

Amene simukufuna kulemba nokha, Peter Kahrel anatulutsa script yaulere yosinthira mafayilo ambiri a InDesign nthawi imodzi, ndipo oyala masamba ambiri amaidalira. Amene muli pa Scribus, script zake zimalembedwa mu Python. Ine ndinapitiriza ndi yanga chifukwa ndinkafuna lipoti lolembedwa mmene ndikufunira.

Ulendo wachitatu lipoti linatuluka ndi mafayilo 27. Ambiri anali osowa fonti imodzi yomweyo, imene eni ake anaipeza pa kompyuta yakale. Nditaiika m'foda ya Document fonts pambali pa mafayilowo, InDesign inaitenga yokha. Zithunzi zosowa zambiri zinali m'foda ina imene munthu anaisintha dzina. Zinayi sizinapezeke konse, kuphatikizapo cha ana chija, ndipo ndinawalembera eni ake masamba ake kuti asankhe chochita. Potumiza IDML ndinatumizira limodzi foda ya Links ndi mndandanda wa mafonti, popeza IDML sinyamula zithunzi zolumikizidwa kapena mafonti m'kati mwake. Pamapeto ndinatola mafayilo 15 mwachisawawa pa amene lipoti silinawatchule, n'kuwatsegula tsamba ndi tsamba pambali pa INDD yake, ndipo onse anafanana.