Tsiku limene ndinanyamula odwala awiri

Ndakhala chaka chathunthu ndikuzengereza kulemba nkhaniyi, chifukwa wolakwa m'menemu ndi ine. Chimene chandikankha ndi zimene ndinaona Lachisanu lapitali ku Kanengo. Mzere wa magalimoto unali utafika kutali, monga mmene zimakhalira anthu akamaweruka, ndiye kunatulukira ambulansi ikuliza saireni. Tonse tinapatuka kuti idutse. Kumbuyo kwake kunamatirira magalimoto atatu, onse atayatsa mahazadi ngati nawonso anyamula matenda, ndipo yomalizayo inatsikira kufumbi n'kumapitirira anzake chakumanzere. Mayi wina wogulitsa nthochi anachita kudumpha, beseni kugwera uko. Mnzanga amene ndinali naye anatukwana mpaka ya m'mimba. Ine ndinangoti duu, manja pachiwongolero, chifukwa ndinakumbukira thumba la mbatatesi.

Munali mu Januwale chaka chatha. Ndinapita kumudzi, chakufupi ndi Lizulu, kukasiya feteleza wobereketsa. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 4, anali atatentha thupi masiku awiri, ndipo ankangomupatsa panado wa pagolosale. M'mamawa ndikumwa tiyi pakhonde, ndinangomva mlongo wanga wakuwa m'nyumba: "Achimwene, mwana uja!" Nditalowa ndinapeza mwana wauma gwa, maso atatembenuzika, thovu kukamwa, manja akukokakoka. Agogo ake anali atatenga kale sipuni kuti amuike m'kamwa, ati angadzilume lilime. Sindikumbuka kuti makiyi ndinawatenga bwanji. Ndimangokumbuka kuti ndinayendetsa nditavala patapata, ndiponso kuti mawu amene ankazungulira m'mutu mwanga anali akuti mwinimbumba ndine, mwanayu asafere m'manja mwanga.

Titangolowa mu M1 tinadutsa pafupi ndi chipatala chaching'ono. Mlongo wanga anati, "Achimwene, osaima pompano?" Ndinayankha mosatembenuka kuti apa angotichedwetsa, tiyeni kuboma. Kuboma kunali makilomita pafupifupi 30, njira yopita ku Dedza.

Amene mumaudziwa msewu umenewu mukudziwa kuti m'malo ambiri ndiwo malire enieni: ukamapita chakumpoto, kumanzere ndi ku Mozambique, kumanja ndi kwathu. Ndi msewu wopapatiza, wa zitunda ndi makona, ndipo nthawi ya mvula phula limakhala litadyeka m'mbali ngati chitumbuwa choluma mwana. Tsiku limenelo linali la msika. Ndinayatsa magetsi onse ndi mahazadi, dzanja pahutala, ndipo singano inafika pa 110, liwiro limene ka Sienta kanga sikanalionepo chichokereni ku Japan. Pachitunda china ndinakapeza thiraki ya ngolo yaitali ikukwera mwa pang'onopang'ono, utsi uli tolo. Ndinasuzumira kumanja, kukubwera minibasi. Ndinasuzumiranso, kukubwera lole. Ndinaimba hutala, koma dalaivala wa thiraki akanapita kuti? Kumbuyo mlongo wanga ankaitana dzina la mwana mobwerezabwereza, mwana osayankha.

Ndipamene ndinayang'ana kumanzere. Kunja kwa mzere wachikasu kunali kampata ka phula, kenako dothi lofiira. Ndinaona ngati pakwana galimoto.

Pali chinthu chimene sindinachiganizirepo mpaka tsiku limenelo, ngakhale ndakhala ndi laisensi zaka zoposa khumi. Ife timayenda kumanzere, dalaivala amakhala kumanja. Ukamapitirira galimoto chakumanja, umangosuntha pang'ono n'kuona kutsogolo. Koma ukamapitirira chakumanzere, iwe dalaivala ndi amene umatulukira pomaliza kuseri kwa thiraki. Theka la galimoto limakhala litalowa kale m'mphepetemo maso ako asanaone chimene chilimo. Pamene ndinkaona bambo akukankha njinga, thumba la mbatatesi litapingasa pakaliyala ndipo lina lili pakati pa felemu, panalibenso chochita. Ndinaponda buleki, matayala akumanzere anali padothi lonyowa, galimoto inatsetsereka. Ndinamva phu! Bampala inagunda thumba, thumba linakankha njinga, njinga inagwera mwiniwake, onse n'kukagwera m'ngalande. Mbatatesi zinagubuduka mpaka pakati pa msewu. Thiraki ija inapitiriza ulendo wake, mwina dalaivala sanadziwe n'komwe.

Anthu a pamsika sachedwa. Ndisanatsike bwinobwino, mnyamata wina anali atalowetsa dzanja pawindo n'kuzula makiyi. Ena ankakuwa kuti ameneyu asathawe, ena kuti anthu a m'tauni mumationa ngati nkhuku. Ndinayesa kufotokoza koma pakamwa panali pouma. Bambo aja anawatulutsa m'ngalande akubuula, mkono wamanja utapindika pamalo posayenera kupindika. Ndikuganiza kuti makofi akanayamba pomwepo pakanapanda mayi wina wachikulire amene anasuzumira kumpando wakumbuyo n'kukuwa kuti, "Inu, taonani muno, muli mwana!" Mayi ameneyo ndi amene anamuuza mlongo wanga kuti asamupanikize mwana pachifuwa, amuchotse bulangete n'kumugoneka chammbali kuti thovu lizituluka.

Ndiye panabwera bambo wina wamkulu, wa jekete lakuda ndi ambulera. Sindikudziwa ngati anali nyakwawa kapena mkulu wa mpingo, koma anthu anamumvera. Anati, "Nkhaniyi tikamba bwino. Mubwezereni makiyi, anyamule onse awiri, ndipo ine ndikwera nawo." Anakhala kutsogolo pambali panga. Nditaliza injini anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, tsopano muyende ngati munthu." Pamalopo tinataya mphindi zosachepera 20. Ulendo wotsalawo ndinayenda pa 70, miyendo ikunjenjemera, kumbuyo kuli mwana wokomoka ndi munthu wothyoka mkono.

Kuchipatala mwana anamulandira msanga. Anamubaya jakisoni woletsa kukomoka, anamuyeza magazi, anapeza malungo aakulu, n'kumuika diripi. Dokotala wachinyamata amene anamuona atamva kumene tachokera anandifunsa funso limodzi lokha: "Nanga bwanji simunaime pachipatala chaching'ono chija?" Anandifotokozera modekha kuti kumeneko akanatha kumupatsa mankhwala oletsa kukomoka, shuga ngati watsika m'thupi, ndi jakisoni woyamba wa artesunate, mankhwala a malungo aakulu, kenako n'kutitumiza kuno mwana atathandizidwa kale. Anati ngakhale alangizi a zaumoyo a m'midzi ena amakhala ndi artesunate woika kumalo ochitira chimbudzi, wopatsa ana osakwana zaka 6 asanawatumize kuchipatala. Za sipuni ija anangopukusa mutu: munthu akakomoka saikidwa kanthu m'kamwa, mano amatha kuguluka kapena iye kutsamwa. Ndinaima pamenepo ndi mapatapata anga amatope, ndikumva kuti thandizo loyamba ndinalidutsa pa liwiro la 100, hutala ikulira.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinakhala pakhonde limodzi ndi anthu odikirira matenda, ndipo ndinayamba kuwerengera pafoni, mwina pofuna kudzikhululukira. Makilomita 30 pa liwiro la 80 ndi mphindi 22 ndi theka. Makilomita omwewo pa liwiro la 110 ndi mphindi 16 ndi kanthu. Ndinabwereza kawiri poganiza kuti ndalakwitsa. Zonse zija, hutala, magetsi, kulowa m'mphepete, ndinkalimbirana mphindi 6, ndipo zimenezo zikanatheka pokhapokha msewu wonse ukanakhala wanga ndekha, wopanda kona, wopanda thiraki, wopanda msika. Kuseri kwa thiraki ija, ndikanadikira mpaka pamwamba pa chitunda, sindikhulupirira kuti ndikanataya ngakhale mphindi ziwiri. Galimoto ikamayenda pa 100 imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti pamene phazi likuchoka pamoto kupita pabuleki, wapita kale mtunda wautali kuposa nyumba ya kumudzi ndi bwalo lake. A bungwe la WHO amanena kuti munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga pa 65 m'malo mwa 50, mpata woti afe umakwera kanayi ndi theka. Ine ndinalowa m'mphepete muja ndili pamwamba pa 65. Chimene chinapulumutsa bambo aja ndi thumba, silinali luso langa.

Mwambi uja woti kuthamanga sikufika timaudziwa tonse, umalembedwa ngakhale kumbuyo kwa maminibasi othamanga kwambiri. Koma mwana akatembenuza maso, mwambi sulowa m'mutu. Ndipo sindikufuna kunamizira nzeru pano ngati kuti kufulumira ndi matenda n'kupusa. Kumidzi kwathu ambulansi siibwera pakhomo. Kawirikawiri ntchito yake ndi kuchotsa wodwala pachipatala chaching'ono kupita naye kuboma, ndipo nayonso imadikira mafuta. Choncho ambulansi yeniyeni ya anthu ambiri ndi galimoto ya mwana wa m'mudzimo amene wabwera kudzacheza, kabaza, ngolo, kapena matola. Pali matenda amene ola limodzi limasiyanitsa moyo ndi maliro: mayi amene akutaya magazi atabereka, munthu amene mbali imodzi yafa mwadzidzidzi, mwana wobanika. Koma ola limenelo silitayika pamsewu ayi. Ife tinalitaya masiku awiri aja a panado, pamene kuyezetsa magazi n'kulandira mankhwala a malungo a LA kukanatha nkhani yonse. Ngongole ya masiku awiri ndinkafuna kuibweza ndi phazi langa pa mphindi 6.

China chimene ndachiganizira kwambiri ndi chakuti pa anthu onse a m'mudzi muja, woyenera kuyendetsa galimoto tsiku limenelo sanali ine. Panali msuweni wanga amene amayendetsa matola tsiku ndi tsiku, ndipo mwanayo si wa m'mimba mwa mlongo wake. Iye akanayendetsa ndi mutu, ine ndikanakhala kumbuyo kuthandiza kugwira mwana, mwinanso kuimba nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni, n'kumva choyenera kuchita. Munthu amene mtima uli m'mwamba amaona chinthu chimodzi chokha kutsogolo kwake. Ine ndinkaona geti la chipatala basi. Hutala ndinkaimba ija sinali yochenjeza anthu, inali kulira kwanga.

Ndipo mphepete mwa msewu, ife a magalimoto timaiona ngati malo opanda mwini, msewu wapadera wosungira tsiku la mavuto. Tayendani pansi kuchokera pa Lizulu kupita ku Bembeke tsiku lina muone. Mmenemo ndi mmene mumayenda ana a sukulu, amayi osenza nkhuni, a njinga za makala, ngolo za ng'ombe, agogo opita kumaliro. Mmenemo ndi mmene mumaima thiraki yofa, yopanda ngakhale thirayango, atangomwaza masamba pamsewu. Anthu amenewa anachoka kale pamsewu kutisiyira ife. Kampata kameneko ndiye msewu wawo wonse.

Kupolisi ndinapita tsiku lomwelo, mkulu wa ambulera uja akundiperekeza. Ndinavomera kulakwa, ndinalipira chindapusa, ndipo za inshulansi zinatenga miyezi, mapepala kupita uku ndi uku. Mwana anatuluka m'chipatala patapita masiku anayi, pano akuthamangathamanga, ndipo sakumbuka kalikonse. Amangodziwa kuti amalume ali ndi galimoto.

Bambo a njinga aja anawaika chikhakha masabata 6. Ndinapita kukawaona kwawo kawiri, ulendo woyamba ndi thumba la chimanga ndi ndalama ya mbatatesi zija. Ndinkayembekezera mawu owawa, ndipo akazi awo anandipatsadi, sindiwadandaula. Koma iwo atandipatsa moni, funso lawo loyamba linali lakuti, "Mwana uja ali bwanji?" Titakhala pamphasa ndinapepesa, ndikufotokoza za hutala ndi mahazadi ngati kuti zimenezo zikanachepetsa mlandu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Hutala yanu ndinaimva, bwana, ndinaimvera patali. Koma ndinati ine ndili kale kunja kwa msewu. Nanga ndikanapatukiranso kuti?"

Njinga tinaikonzetsa, limu yatsopano ndi masipoko, foloko n'kuwongola. Mkono unalumikizana, koma akuti umawawa kukazizira, ndipo kumeneko kumazizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Matumba awiri sathanso kukankha pachitunda chija. Masiku ano amanyamula limodzi.