Bambo ati dziko latha, mayi ati abzala kale

M'mawa uno mu minibasi yochokera ku Area 25, titangodutsa pa Area 18, bambo wina anangoyamba yekha: "Dziko ili latha basi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chatsikapo mtengo n'chiyani?" Tonse tinangoti zoonadi. Koma mayi wina, dengu la tomato lili pamiyendo, chitenje atakulunga m'chiuno, anayankha mofatsa: "Bambo, ine chimanga ndabzala kale kwathu kwa Chitukula. Feteleza ndalephera, ndathira manyowa a mbuzi." Bambo aja: "Nanga mvula ikadula ngati chaka cha El Niño chija?" Mayi osatekeseka: "Ikadula ndibzala mbatata kudimba."

Bambo aja sananame ayi. Shuga, mafuta ophikira, lendi, zonse zikutipweteka, ndipo amene anagonapo pa mzere wa petulo sangawatsutse. Komabe mtima wanga uli kwa mayi aja. Sananene kuti zinthu zili bwino, sanatiuzenso zoti tingopemphera n'kukhala pansi. Mavutowo akuwadziwa kuposa ife, kungoti akaona khomo latsekeka amayang'ana kale lina.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti "latha" ameneyu amachuluka pakati pa ife olandira malipiro pakutha pa mwezi. Timadandaula kuyambira pa siteji mpaka ku ofesi, madzulo tikapitirize pa WhatsApp, pomwe kuseri kwa nyumba kuli malo oti mpiru ndi bonongwe zikanamera. Anzanga a ku 25, ndani ali ndi mbewu ya mpiru yotsala andigawireko Loweruka?